Nyimbo ya Feteleza mu Minibasi

Chaka cha zisankho chija ndinkaphunzitsa ku Kanakantapa, boma lisananditsimikizire pa ntchito. Munthu wotero sachedwa kuchotsedwa. Wina akangokunenera kuti umanyoza akuluakulu, kalata imakupeza.

M'maminibasi athu, wokhala kutsogolo ndiye amalumikiza foni yake ku wailesi ya dalaivala. Ine ndi kukonda kutsogolo kwangaku, pothawa fumbi ndi matumba a repu, tsiku lina ndinalumikiza yanga osaganiza. Zinayamba bwino, nyimbo za kwaya. Titadutsa pachigayo inalowa ina imene mlamu wanga ananditumizira, yofunsa kuti feteleza wa alimi anathera m'munda mwa yani.

Anthu anaikonda. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Apo akamba zoona!" Kondakitala ankaimba nawo, akumenya chitseko ngati ng'oma. Kenaka tinaima, n'kukwera anyamata awiri ovala malaya a chipani cholamula.

Kondakitala anasiya kuimba. Mayi uja anayamba kufufuza m'chikwama ngati wataya singano. Nyimbo yokha ndiyo inapitiriza kulalata. Ndinayesa kuidumpha, koma zala zinali thukuta lokhalokha, foni osamva. Dalaivala naye maso pamsewu, ngati wailesiyo si yake.

"Ni foni ya ndani iyi?" anafunsa mmodzi wa anyamatawo.

Kondakitala yemwe uja, woimba uja, ndiye anayankha. "Ni ya ba ticha."

"Oho, ba ticha. Ba pa sukulu paja pali mitengo ya mango? Tibaziba. Isiyeni chabe isile, timveleko na ise."

Inalira mpaka kumapeto. Sanandikhudze. Anatsika pamphambano akuseka, ndipo kunena zoona, akanandimenya bwenzi zitathera pomwepo. Mantha ndinapita nawo kunyumba. Ahedi akandiitana ku ofesi, ndinkangoti kalata ija yafika. Galimoto yachilendo ikaima pageti la sukulu, ndinkaiwala zimene ndikulemba pabolodi. Nyimboyo ndinaifufuta, mlamu wanga n'kumukalipira ngati ndiye anandikweza basiyo.

Loweruka lina ndikuchapa, mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu anayamba kuiimba pakhonde, mokweza, anthu akudutsa kupita kumjigo. Ndinamuwomba mbama ndi dzanja la thovu. Chibadwire chake ndinali ndisanamumenyepo. Sanalire msanga. Anagwira tsaya, n'kundiyang'ana.

"Amayi, nalakwisa mau?"