Ndinatumiza Anyamata Kumpira Tsiku Loika Amuna Anga

Inu owerenga, amuna anga anaphunzitsa mpira anyamata a m'mudzi muno kuyambira ali ndi mamina, koma tsiku loika maliro awo panalibe ngakhale mmodzi wa anyamatawo wogwira khasu kumanda. Musafulumire kuwatukwana anawo. Amene anawauza kuti apite kumpira ndine, mkazi wa malemu, ndipo ndinkati ndikupulumutsa timu imene amuna anga anaivutikira moyo wawo wonse. Ndikufotokozereni mmene zinayendera, mwina mudzi wina ungapewe zimene zatigwera ife.

Timakhala kudera la Sandwe, kutali ndi Boma la Petauke, kumene mvula ikagwa ngakhale njinga imakana msewu. Ine kwathu ndi ku Katete, kuno ndinabwera ndi ukwati. Amuna anga, aNjobvu, anali mlimi wa thonje ndi mtedza ngati wina aliyense, koma mtima wawo unali pabwalo la mpira. Ndinkawanena kuti ndili pamitala, mkazi wamkulu ndi mpira, ine ndine wamng'ono wochapa majezi. Iwo ankangoseka, ndipo sanakanepo.

Mpira wathu wakale unali ndi nyengo yake. Unkayamba anthu akakolola, n'kutha mvula yoyamba ikagwa. Midzi inkalimbirana mbuzi, nthawi zina nkhumba. Panalinso lamulo limene palibe analilemba koma aliyense ankalidziwa: maliro akagwa, mpira suseweredwa. Chifukwa chake n'chosavuta. Anyamata a timu ndi omwewo amene amakumba manda, kudula nkhuni za pamaliro ndi kunyamula bokosi. Ngakhale maliro agwe kumudzi kwa adani anu pampira, mumasiya majezi n'kutenga makasu.

Mdani wamkulu wa amuna anga pampira anali bambo Mwanza, amene ankaphunzitsa timu ya mudzi wina kufupi ndi Nyimba. Chaka ndi chaka ankayenderana ndi matimu awo. Pabwalo ankatukwanizana mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, masewero akatha n'kudyera mbale imodzi. ANjobvu ankati pa anthu onse odziwa mpira m'chigawo chino, aMwanza ndi achiwiri.

Chimene chinkawawawa awiriwa chinali chimodzi. Timu ya kumudzi ikanatha kuwina mbuzi zonse za m'boma muno, koma inkakhalabe timu ya kumudzi. Ligi inali ya matimu a m'tauni, ndipo khomo lolowera kunalibe. Anyamata aluso ankakalamba osaonedwa ndi munthu.

Ndiye kunabwera nkhani yoti akuluakulu a mpira asintha kayendetsedwe ka maligi ang'onoang'ono. Anatsegula gawo lina pansi penipeni loti matimu a kumidzi alowemo, a ku Petauke ndi a ku Nyimba pamodzi. Timu yochita bwino ikwere gawo lapamwamba, ikachitanso bwino ikwerenso. Tsiku limene amuna anga anabwera kumsonkhano wa ku Boma, anatsika panjinga isanaime. “Amake Tisa, chitseko chatseguka!” Sindinawaonepo akusangalala choncho, ngakhale tsiku limene mwana wathu Tisa anabadwa, ndipo ndinawauza zimenezo pamaso. Timu yathu inalowa, ya aMwanza inalowanso.

Koma panali zinthu zimene tonse sitinaziganizire. Ligi imaseweredwa ngakhale m'dzinja, anthu akupalira. Ligi siidziwa kuti mtsinje umadzaza. Ndipo ligi siidziwa maliro. Lamulo lake linali lakuti timu ikajomba masewero kachitatu, ichotsedwe.

Ulendo woyamba anyamata anabwerera pamtsinje, madzi atakwirira msewu. Ulendo wachiwiri kunamwalira mwana wa anansi athu, ndipo amuna anga omwewo ndiwo anauza anyamata kuti atenge makasu. Chenjezo litabwera kuti kwatsala kamodzi, amuna anga anayamba kuonda ndikuwaona. Tsiku lina atakangana ndi akulu awo, amene ankati ligiyi yabwera kudzasokoneza mudzi, analowa m'nyumba akupsa mtima n'kunena kuti, “Manje kulibe kujomba. Olo nife ine, bola ikateyedwe.” Ankatanthauza kuti ngakhale iwo afe, mpira useweredwe basi. Ndinawayankha kuti asiye kulankhula zamalodza. Koma mawuwo anakhala m'mutu mwanga.

Sipanapite nthawi yaitali, amuna anga anagwa m'munda wa thonje. Tinapeza galimoto mochedwa, ndipo anatsirizikira m'njira tisanafike kuchipatala. Achibale anagwirizana kuti maliro aikidwe Loweruka, podikira alongo awo ochokera ku Lusaka. Loweruka lomwelo timu yathu inayenera kukasewera ku Nyimba ndi timu ya aMwanza.

Kaputeni wa timu anali Yotamu, mwana wa mlongo wa amuna anga, mwana amene anakulira pakhomo pathu. Iye anakwera pachulu pamene timagwirira netiweki n'kuimbira akuluakulu a ligi kupempha kuti masewero asunthidwe. Anamupepesa bwinobwino, koma anati matimu a kumidzi asuntha masewero ambiri chifukwa cha maliro, moti anagwirizana kuti asamavomerenso. Alamu anga aakulu atamva, ananena mawu amodzi okha, kuti mnyamata aliyense asatuluke m'mudzi.

Lachisanu masana Yotamu anabwera kudzagwada pakhomo la nyumba imene ndinakhala ndi azimayi. Anayandikira ngati akudzandipepesa, n'kulankhula motsitsa.

“Amai, tichite bwanji? Tikajomba mailo Loweruka, timu yafa.”

Inu owerenga, munthu woferedwa sayenera kufunsidwa nzeru. Mutu wanga unali wolemera, maso atatupa. Chimene ndinkamva m'makutu ndi mawu aja a amuna anga. Ndinaganiza za zaka zonse zimene anapalasa njinga kupita ku Boma, za minda imene inamera udzu chifukwa cha mpira, ndipo ndinaona ngati timuyo ikafa ndiye kuti ndawaika kawiri. Ndinamuuza Yotamu kuti, “Yendani. Amalume ako anakamba okha.” Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwina ankafuna ndisinthe. Sindinasinthe.

Anyamata anachoka mmodzimmodzi ngati akupita kunkhuni. Galimoto ya kanta inkawadikira kuseri kwa sukulu, ndipo anakagona ku Boma kuti msewu usawatsekereze.

Loweruka m'mawa nkhani inadziwika. Kumanda kunapita madala okhaokha, ena oyendera ndodo, pamodzi ndi alamu anga. Dothi la kumanda kwathu ndi lamakande, pansi pake pali miyala. Dzuwa linakwera dzenje lisanafike m'mawondo. Azimayi amene ndinali nawo m'nyumba anasiya kuimba n'kuyamba kunong'onezana. Wina ananena mokweza kuti aNjobvu analera njoka. Ine ndinangofunda chitenje kumutu.

Kenaka tinamva lole ikubwera, anthu akuimba nyimbo ya maliro ndi mawu aamuna. Ndinati anyamata aja abwerera, Mulungu wandichotsa manyazi. Nditasuzumira pazenera, nkhope zonse zinali zachilendo kupatula imodzi. Anali aMwanza ndi timu yawo yonse ya ku Nyimba, makasu ndi mapiki m'manja.

Atatsika anafunsa kuti anzawo a timu yathu ali kumanda kale kapena ayi. Anthu anangoyang'anana. Mkulu wina ndiye anawauza kuti anzawo apita ku Nyimba kukasewera nawo mpira. Akuti aMwanza anangovula jekete n'kufunsa njira ya kumanda.

Ndinamva pambuyo pake kuti Yotamu anawaimbira aMwanza tsiku lomwe amuna anga anamwalira. Iwo anangofunsa tsiku loika. Za mpira sanafunse, chifukwa kwa iwo panalibe chofunsa. Yotamu naye anachita manyazi kuitchula nkhaniyo, ndipo atanyamuka sanayerekeze kuimbanso.

Anyamata a ku Nyimba ndiwo anaswa miyala ija. Ndiwo ananyamula bokosi, ndiwo anatsikira m'dzenje, ndiwo anakwirira. Ndikuyenda pambuyo pa bokosilo ndinkaona mapewa a ana a eni, ana amene amuna anga ankawakuwiza pabwalo. Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, ndipo anthu ankati ndikulira imfa yokha.

Tisanabalalike, aMwanza anabwera kudzandipepesa. Ndinawafunsa ngati sakudziwa kuti ajomba masewero.

“Tiziba, amai. Na ise aka n'kachitatu. Manje munthu angateye bwanji bola mnzake ali gone?”

Sanandidzudzule, poti sankadziwa kuti ndine ndinatumiza anyamata. Anandigwira dzanja n'kukwera lole yawo.

Ku Nyimba anyamata athu anapeza bwalo lopanda munthu. Anavala majezi n'kuima pamzere. Woyimbira anadikira nthawi yake, analiza wezulo n'kuwapatsa mapointi. Yotamu atafunsa mayi wina wogulitsa nthochi pafupi kuti eni bwalo ali kuti, mayiyo anati apita ku Sandwe kukaika kochi wa kumeneko. Sanadziwe kuti akulankhula ndi ndani. Sabata yomweyo timu ya aMwanza inachotsedwa mu ligi.

Anyamata atabwerera Lamulungu, palibe anawalonjera. Achibale atakhala pansi, alamu anga anamupanikiza Yotamu kuti anene amene anamupatsa mphamvu zonyoza maliro a amalume ake. Mwanayo anangoweramitsa mutu, akuti ndi nzeru zake. Sindikanatha kumusiya asenze yekha. Ndinanena kuti ndine, ndipo ndinabwereza mawu a malemu. Alamu anaseka kuseka kowawa. Anati munthu akalankhula atapsa mtima, mkazi wanzeru amamutungira madzi akumwa, osati kusunga mawuwo kuti adzawagwiritse ntchito pamaliro. Kuyambira tsiku limenelo ndine “mkazi wa ku Katete uja,” ngakhale ndakalambira m'mudzi muno.

Nanga timu imene ndinkaipulumutsa? Makolo anayamba kuletsa ana awo mmodzimmodzi. Ena mwa anyamatawo anasiya okha, chifukwa akamadutsa pachigayo anthu ankawafunsa kuti mapointi aja akuwasunga kuti. Yotamu anapita ku Lusaka, ndipo mpaka lero sanapondenso kuno, ngakhale kudzaona manda. Masewero otsatira anali a pabwalo pathu pompano. Alendo anabwera, woyimbira anabwera, koma anyamata athu sanakwane. Ndinamva wezulo ndili kumunda. Kameneko kanali kachitatu, ndipo timu inachotsedwa.

Tinkati mwina anthu akakolola mpira wakale uja ubwerera, koma ayi. Matimu ena ali mu ligi, alibe nthawi ya mbuzi. Otsalawo akuti sangasewere ndi mudzi wothawa maliro. Ku Nyimba nako ndimamva kuti aMwanza anasiya zophunzitsa mpira, anyamata awo anabalalika. AMwanzawo ndinawaonapo kamodzi ndili m'basi, atakhala pakhonde la sitolo. Ndinatembenukira kumbali mpaka basi inanyamuka. Munthu amene anandikumbira manda a amuna anga n'kutaya timu yake, ndikamuuza chiyani?

Sindikunena kuti ligi ndi yoipa. Amuna anga anailakalaka ndi mtima wonse, ndipo anyamata a kumidzi ayeneradi kuonedwa. Koma inu akuluakulu amene mumakonza zinthuzi m'maofesi, mukamatitsegulira khomo muzidziwa kuti wosewera wa kumudzi ndi yemweyo wokumba manda. Lamulo limene limachotsa timu yopita kumaliro n'kupatsa mapointi timu yothawa maliro, liyang'aneninso. Inu a matimu a kumidzi, musanalowe khalani pansi ndi makolo, mugwirizane chimene mudzachite tsiku limene masewero ndi maliro zidzakumane, chifukwa zidzakumana ndithu. Musadikire kukafunsa mkazi wamasiye pakhomo la nyumba ya maliro. Ndipo inu amayi anzanga, tsoka likakugwerani, wina akadzagwada kukufunsani nzeru, mutumizeni kwa akuluakulu. Ine ndinayankha ndekha, ndipo palibe chimene ndinapulumutsa.

Majezi aja ndinawachapa, ali m'thumba pansi pa bedi, palibe wabwera kudzawatenga. Pabwalo pamera tsekera. Mwezi wathawu kunagwa maliro ena m'mudzi, nkhuni zinachepa, ndipo anthu anakazula mitengo ya magolo n'kuiwaza. Ine ndinali kumoto ndi azimayi ophika. Nditatola chikuni china ndinaona penti yoyera imene amuna anga anapaka ndi manja awo, ine nditawagwirira chitini. Ndinachigwira kanthawi, mayi wina n'kundiuza kuti ndifulumire moto ukuzima. Ndinachisonkhezera.