Beseni Lotsukidwa Kasanu ndi Kawiri

Bambo a ana anga atamwalira anandisiyira nyumba ya zipinda zitatu ku Nkhudzi, khonde lake loyang'ana kunyanja. Ankati tidzapumiramo tikakalamba. Ine ndekha sindinathe kugonamo, ndinabwerera m'kanyumba kathu kakale kuseri, yaikuluyo n'kuitseka. Mwana wanga wamkazi wa ku Blantyre ndiye anati, "Amayi, nyumba yotseka imadyedwa ndi chiswe. Tiyeni tizilandiramo alendo." Anaijambula, zithunzizo n'kuziika pafoni, pansi pake n'kulemba kuti mabanja abwere ndi ana awo, ngakhalenso agalu awo. Za agaluzo anandiuza atalemba kale.

Ndinaseka mpaka misozi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, komabe ndinkadziwa kuti galu sapita kutchuthi. Kwathu ku Malindi galu amagona paphulusa, n'kumadya zotsala. Koma mwanayo anaona patali. Malo ambiri ogona alendo amakana agalu, ndiye anthu a m'tauni anayamba kuimba foni. Ndinaphunzira kuyala mabedi mwa alendo, kusoka maneti a udzudzu, kusesa mchenga m'mawa uliwonse kuti ana asaponde mbedza. Mulungu anandipatsa ntchito pa nthawi imene ndinkangokhala ndi kulira.

Kuseri kwa bwalo langa kuli banja la Chisilamu. Mayi wa pamenepo timaitanana achemwali ngakhale si pachibale. Pa maliro a amuna anga ndiwo anagona nane pamphasa sabata yathunthu. Amuna awo, alamu anga, ndi msodzi amene anasiya kupita panyanja, masiku ano amangosoka maukonde a ana awo. Njira yawo yotsikira kunyanja, yomwenso amadzera amayi onse a kumtunda, imadutsa m'mphepete mwa bwalo langa.

Chaka choyambacho, masukulu atatsekera, kunabwera banja la ku Lilongwe: bambo, mayi, ana atatu, ndi galu wamkulu ngati thole, wokhala ndi matilesi akeake. Lachisanu masana achemwali anatunga madzi m'beseni n'kuika pansi pa mtengo wa m'mbali mwa njira, kuti alamu atawaze asanapite kumzikiti, ndiko kusamba manja, nkhope ndi mapazi kokonzekera pemphero. Azana, kuitana kwa kumzikiti kuja, inali itayamba kale. Galu uja anachoka kunyanja ali chinyowere, anamwa m'besenimo, kenako anadumphira alamu pachifuwa mwachisangalalo n'kuwanyambita dzanja. Mkanjo wawo woyera unangoti mapazi a galu mbwee.

Alamu sanakalipe. Anangobwerera kunyumba mwakachetechete. Ndinamva pambuyo pake kuti anakafika kumzikiti anzawo akutuluka.

Bambo wa ku Lilongwe anapepesa kwambiri, munthu waulemu ndithu. Kenako anati, "Amayi, mungomanga khoma la njerwa mpaka kumadzi, ngati makoteji enawa. Mavuto atha." Mwana wanga pafoni ananenanso zomwezo. Koma makomawo ine ndimawadziwa. Ndaona amayi akuzungulira mtunda wautali ndi mabeseni a zovala pamutu chifukwa munthu wina watseka nyanja ngati anailenga yekha. Ndikamanga khoma, ndataya achemwali. Ndikakana agalu, nyumba ibwerera kwa chiswe.

Loweruka achemwali sanadutse panjirapo. Moni wathu wa m'mawa, umene sunadukepo zaka zonsezi, unaduka. Lamulungu kutchalitchi ulaliki sindinaumve n'komwe. Ndinangogwada n'kunena kuti, "Ambuye, munandipatsa nyumba, munandipatsanso anansi. Musandilande chimodzi pondipatsa chinzake."

Nditaweruka ndinapita komweko ndi yunifolomu yanga yachigwirizano. Beseni lija linali lovundikira patali, pafupi ndi khola la abakha.

"Odi, achemwali. Ndabwera kudzagwira mwendo."

"Galuyo ndi wanu kodi?"

"Mlendo wanga, galu wake ndi wanganso."

Analoza beseni lija. Kenako anati, "Besenilo ndinalisiya dala. Ndimadikira mwini galu. Nyamulani."

Tinatsikira kunyanja. Anandiuza kuti malovu a galu kwa iwo ndi najisi, chodetsa, ndipo chiwiya chimene wanyambita chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Ine zaka zonsezi ndinali pakati pa Asilamu, koma ndinkangoti amadana ndi agalu basi. Ndinakwinya chitenje n'kuyamba kutsuka, iwo akuwerenga m'Chiyao. Nditafika kachinayi ndinati, "Layeratu ili, likuwala."

"Pitirizani! Inu a kutchalitchi kuzolowera timadzi towaza pamphumi, mwati zatha."

"Nanga inu kusamba kasanu pa tsiku, nyanjayi simuimaliza?"

Anaseka mpaka kukhala pansi pamchenga. Kuseka kumeneko sindidzakuiwala. Koma atatha anafunsa motsitsa mawu, "Tamva kuti kukubwera khoma."

"Sindikulifuna, achemwali. Koma nzeru zandithera."

Titabwerera tinapeza alamu pakhonde, ukonde uli pamiyendo. Osadzutsa mutu anati, "Alamu, galu si mdani wathu. Anamulenga ndi Mulungu yemweyo, ndipo womumwetsa madzi amalandira madalitso. Vuto ndi nthawi ya swala basi, tikamapita kukapemphera. Kodi galu wa ku Lilongweyo alibe makutu? Azana ikalira, amumange. Tikabwerako, amumasule."

Nzeru yonse inali imeneyo. Sabata yomweyo alamu anandidulira bango, tinamanga kampanda kofika m'chiuno kutsata njira, njirayo n'kuisiya yotsegula mpaka kumadzi. Mwana wanga analemba pafoni paja, inenso ndimauza mlendo aliyense akangotsika galimoto: pano agalu amasambira ndi kuthamanga mmene afunira, koma mukamva kuitana kwa kumzikiti, galu pachingwe, pakhonde. Ndinkaopa kuti ena akhumudwa. Mmodzi yekha ndiye ananyinyirika, sanabwerenso, ndipo Mulungu amuyendetse bwino kumene amapita. Enawo ana awo ndi amene amayamba kuthamanga, kukuwa, "Azana! Gwirani galu!" ngati masewera.

Papita zaka tsopano. Denga ndinalikonza, zidzukulu zili pasukulu, pa Khirisimasi ndi pa Pasaka ndimachita kubweza anthu. Alendo amagula chambo kwa ana a alamu, m'mawa amadya zitumbuwa za achemwali zikadali zotentha. Ana awo amasewera ndi ana a m'mudzi pamadzi osaya, amayi a kumtunda akuchapa chapomwepo.

Banja la ku Lilongwe lija limabwera chaka chilichonse. Galu uja wakalamba, pakamwa payera. Ulendo wathawu, Lachisanu, azana itangoyamba, anatuluka yekha m'madzi, kukwera pakhonde, n'kugona pamatilesi ake osaitanidwa ndi munthu. Alamu anali akudutsa panjira ndi mkanjo wawo woyera. Anaima, n'kumuyang'ana pamwamba pa mpanda, kenako n'kutembenukira kwa ine.

"Alamu, uyu watsala pang'ono kulowa Chisilamu."

"Ayi ndithu, mkuja ndipita naye kutchalitchi."

Anapita akuseka. Pambuyo pawo achemwali anatsika ndi beseni lomwe lija pamutu, n'kundipatsa moni. Ndinayankha, mumtima ndikuthokoza Ambuye amene anandisiyira zonse ziwiri.