Mkamwini Amene Anasamutsa Manda

Tomekichi sankadziwa kukhala pansi. Ngakhale tiyi ankamwa chiimirire, phazi limodzi lili kale pakhomo. Anali mzime wa wootcha makala, wopanda ndi munda womwe. Banja la a Sugenoya linalibe mwana wamwamuna, choncho linamutenga kuti akwatire Okinu, ndipo mwamwambo anasiya dzina lakwawo n'kutenga lawo. Koma dzina lopatsidwa eni ake atha kulilanda, ndipo akatero mkazi ndi ana amatsala nawo.

Apongozi ake, a Heizaemoni, ankabwereketsa mpunga kwa alimi a silika. Tomekichi nkhokwe yawo ya mpungayo anaisandutsa banki. Zitayenda, m'malo mopuma, anagwidwa ndi nthenda ya njanji. Anazungulira chigwa chonse, nkhwayira zaudzu zikumuthera kuphazi, kunyengerera anthu kuti asonkhe ndalama, sitima izikatula silika wawo kudoko la Yokohama.

"Bambo a Ochiyo, mpunga ukuzizira," ankatero Okinu.

"Uzizire. Sitima siidikira munthu."

"Sitima yake iti? Ya m'mutu mwanuyo?"

Oyeza njira anati njanji idzere pakaphiri pamene panali manda a makolo a Sugenoya. Kulambalala kukanadya chaka china. Chaka! Tomekichi njala inamuthera. Apongozi atapita ku akasupe otentha kukathowa nyamakazi, iye anaitana wansembe n'kusamutsa mafupawo, ndi lubani, ndi mapemphero, ndi miyala yatsopano. Zonse anazichita bwino, kupatula kupempha eni ake.

Atabwerako, madalawo sanakalipe. Anamuitana, kwa nthawi yoyamba n'kumuona atakhala pansi.

"Manda okongola, mwanawe. Ukanafatsa, nawenso ukanadzagona pomwepo. Tibwezere dzina lathu."

Anachoka ndi kamtolo ka zovala, Okinu akulira kuseri kwa chitseko. Njanji inatha, silika anayenda, chigwa chinalemera. Iye anapita kumpoto kukasonkhetsa za njanji zina, lero kuno mawa uko. Usiwa wa dzina unkamudya, ndipo mwana wake wamkazi uja, Ochiyo, ankamusowa kwambiri.

Imvi zitabwera analimba mtima, anakwera sitima yake ija n'kutsika kwawo kwakale. Pasiteshoni anapeza Ochiyo, tsopano mayi, khanda lili kumsana. Ochiyo anawazindikira bambo akewo. Anawerama mwaulemu wonse umene amapatsa mlendo.

"Takulandirani, a Tomekichi. Mufikira kunyumba ya alendo iti?"