Nyimbo Yanga M'kamwa mwa Msuweni Wanga

Nyimbo ija ndinapeka ndine. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ku Lilongwe palibe amene anandikhulupirira. Ndinaipeka ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, tikuswa mtedza pakhonde la amayi kwathu ku Mkanda, ndipo chimene chinandipeketsa si luso ayi, inali nsanje.

Mtsikana wina wa m'mudzi mwathu, amene tinkakhala naye desiki imodzi kupulaimale, anapita ku Lilongwe kukagwira ntchito ya m'nyumba. Atabwera pa Khirisimasi anali atalukitsa tsitsi lofika kumsana. Amayi ake atamutuma kumjigo, anabwerako atagwira ndowa kumanja, madzi akumutayikira m'miyendo, ati pamutu iwononga tsitsi. Mudzi wonse unaseka, ine kuposa onse. Koma tsitsi lija ndinkalifuna, mafuta ake onunkhira ndinkawafuna, ngakhale kayendedwe kake konyang'wa kaja ndinkakayeserera kuseri kwa nkhokwe.

Kwathu munthu wotere sitimunena pamaso, timamuika m'nyimbo ya chimtali. Dzina sutchula, koma aliyense pabwalo amadziwa kuti mwala wagwera ndani. Ine ndinkayambitsa kuti, “Mwana wa eni wapita dzana ku Lilongwe,” amayi onse n'kuvomera, “Waiwala, waiwala!” Ndikati, “Ndowa pamutu ati iwononga tsitsi,” iwo, “Waiwala kwawo!” Tinaivina koyamba paukwati wina titakolola, fumbi koboo, ndipo amayi ake a mtsikana uja ananyamuka pamphasa n'kubwerera kunyumba nsima isanabwere. Masiku amenewo woyambitsa nyimbo ndinali ine. Msuweni wanga, mwana wa amalume, wocheperapo kwa ine ndi zaka zitatu, ankavina kumbuyo kwanga maso ali pa mapazi anga.

Patapita zaka zitatu nanenso ndinapita. Achimwene anandikweza panjinga mpaka pamsika, ndinakwera ya matola kufika pa Boma, kenako minibasi. Azakhali a ku Chinsapo anali atandipezera ntchito mu shopu ya nsalu.

Lilongwe inandizunguza mutu. Kwathu zosangalatsa zinkadikira kuti anthu akolole kaye, koma kuno Loweruka lililonse kunali kenakake. Kunali anyamata oimba magitala, ojambula zithunzi akuyala ntchito zawo m'mbali mwa msewu, ndipo Lamlungu masana anthu ankadzaza bwalo kungofuna kumvera ndakatulo. Ndakatulo! Zimene ife tinkaloweza mokakamizidwa kusukulu. Tsiku limene ndinaonera sewero muholo ina, anthu akuseka mpaka kugwetsa mipando, ndinadziwa chimene ndinkafuna. Ndinkafuna kuima kutsogolo kuja, anthu a m'tauni akuyang'ana ine.

Ndinapeza gulu la zisudzo limene linkaphunzira Loweruka masana m'kalasi ya sukulu ina. Mkulu wake anali bambo wamtali wa ndevu za mbuzi, amene onse ankawatchula kuti aphunzitsi ngakhale sanagwirepo choko. Tsiku loyamba anatiimika atsopanofe kuti tidzifotokoze. Mtsikana amene anayamba anati wakulira ku Area 18, ndipo anayankhula Chichewa chothira Chizungu ngati mchere. Itafika nthawi yanga ndinayang'ana nsapato zanga za pulasitiki, pakamwa panga n'kuyankha pokha.

“Ndakulira konkuno. Kumudzi ndi ku Mchinji, koma sindidziwako kwenikweni.”

“Nanga magule a makolo?” anafunsa aphunzitsi.

“Aaa, zimenezo ine ayi.”

Bodza limeneli ndinalilimira bwino kuposa munda uliwonse umene ndinalimapo. Ndinasintha kayankhulidwe, ndinasiya kugwada popereka chinthu, ndinagula thalauzi, ndinalukitsa tsitsi. Zaka ziwiri ndinakhala m'gululo, koma mbali zimene ankandipatsa zinali za munthu wodutsa. Nthawi ina ndinali mlembi wa muofesi wonena kuti “Abwana atuluka,” basi. Atsikana a m'tauni enieni analipo ambiri, ndipo wongoyeserera sankafunika kutsogolo. Ndinkanyamula mipando n'kumadikira tsiku langa.

Chaka chachitatu msuweni wanga anabwera kudzakhala nafe kwa azakhali kuti aphunzire zosoka. Anafika ndi thumba la mtedza pamutu ndi pakamwa pake pomwe paja. Chisuweni mukuchidziwa, munthu amakunyoza iwe osaloledwa kukwiya. Atangondiona anazungulira kumbuyo kwanga n'kukoka tsitsi.

“Asuweni, mchira wa ng'ombe ya yani uwu?”

Loweruka lotsatira anati anditsata akaone zimene ndimachita. Ndikanadziwa, ndikanakana. Nthawi imeneyo gulu linkakonza sewero lalikulu la ukwati wa kumudzi, ndipo pakati pake panali chimtali. Atsikana ankaphunzira kuchokera pa kanema wa pafoni. Nsalu anamanga pamimba ngati akupita kosamba, ankagwedeza mapewa m'malo mwa chiuno, ndipo nyimbo ankaiimba mofewa ngati ya kwaya. Ine ndinali nditapirira milungu itatu. Miyendo inkandiyabwa, koma ndinkaponda molakwitsa dala kuti ndifanane nawo.

Msuweni wanga anakhala pawindo, anaonera pang'ono, kenako anaphulika nako kuseka. Ng'oma inaleka.

“Chakuseketsani n'chiyani, chemwali?” anatero aphunzitsi.

“Pepani bambo. Ndimayesa akupha nyerere.”

Ndinafuna nthaka inditsegukire. Koma aphunzitsi sanakwiye, anangoti, “Tationetsani inuyo.” Iye anavula nsapato, anamanga nsalu m'chiuno molimba, anapita kwa woimba ng'oma n'kumuombera m'manja mpaka atagwira kagundidwe kake. Kenako anakweza mutu.

“Mwana wa eni wapita dzana ku Lilongwe!”

Nyimbo yanga. Anawaphunzitsa kuvomera, ndipo pasanathe mphindi khumi kalasi yonse inali kukuwa kuti waiwala, waiwala. Ana a m'makomo oyandikira anadzaza m'mawindo. Ndiyenera kunena zoona ngakhale zimandiwawa: anavina bwino. Koma kaphazi kobwerera m'mbuyo kaja, kakutembenuka kaja, zonse zinali zanga. Anaziphunzira kumbuyo kwanga.

Atatha, mtsikana wa ku Area 18 uja anamukumbatira n'kuti, “Uphunzitsekonso msuweni wakoyu, wakulira m'tauni, sadziwa kanthu.” Msuweni wanga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga. Titatsika minibasi ndi pamene anandiyamba.

“Asuweni, ndiye munabadwira chipatala chiti kuno? Mundiperekeze ndikaoneko.”

“Usayerekeze kuuza munthu,” ndinatero. “Lumbira.”

“Pa nkhani ya chimtali yomweyi?”

“Lumbira!”

Anaona kuti sindikuseka. Ananyambita chala n'kuloza kumwamba. “Pali manda a agogo, sindidzanena.”

Miyezi iwiri yotsatirayo ndi imene ndinadziwa kuti nsanje imadwalitsa. Aphunzitsi anasintha sewero lonse kuti chimtali chikhale pachimake, msuweni wanga kutsogolo. Atsikana amene zaka ziwiri sanandigawireko ngakhale chiwaya anayamba kumusungira malo, kumubwereka ndolo, kumuimbira foni mkati mwa sabata. Mawu akumudzi amene ine ndinawachotsa m'kamwa mwanga ngati minga, iye ankangowatulutsa, iwo n'kumati, “Tanenanso, zikukoma!” Ankagwada popereka madzi kwa aphunzitsi, iwo n'kumauza gulu kuti uyu ndiye waleredwa. Chithunzi choitanira anthu chitatuluka, nkhope inali yake. Ine ndinapatsidwa mulu wa mapepalawo kuti ndikamate m'mitengo.

Ndinachita zinthu zochititsa manyazi. Ndinauza azakhali kuti mwana wa amalume wasiya zosoka, akungoyendayenda ndi anyamata a ng'oma, chonsecho sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinabisa nsalu yake yovinira pansi pa matiresi. Anaipeza, anaikutumula, anavala, osandifunsa. Kusandifunsako kunandipweteka kuposa kutukwana.

Kwathu tinali ndi chizolowezi pabwalo. Woyambitsa nyimbo akafuna kupatsira mnzake, amavina mpaka pamene waima n'kumugunda ndi phewa, ndipo wogundidwayo amatenga nyimbo pomwepo. Kale ndinkamugunda iyeyo ndikafuna kupuma, iye n'kuthawa ndi manyazi. Kutatsala milungu iwiri kuti tionetse sewero, ng'oma itakolera, ndinamuona akuchoka kutsogolo, akubwera mzere wonse mpaka kumbuyo kumene ndinali. Anandigunda ndi phewa. Mawu otsatira anali kale pakhosi panga. Ndikanangotsegula pakamwa, nkhani yonse ikanathera pomwepo, anthu akanaseka, n'kundikhululukira. Koma ndinaona maso a atsikana aja ali pa ine, ndipo ndinaima chilili ngati mtengo wa magetsi. Anandigundanso. Ndinati, “Iwe, ukundipweteka.”

Anabwerera kutsogolo n'kumaliza yekha. Titakhala pansi kupuma, aphunzitsi anamufunsa kuti nyimboyi anapeka ndani.

“Mtsikana wina wa kwathu,” anatero.

“Ali kuti? Ameneyo ndiye wofunika kuno.”

“Anapita kutauni. Sitinamuonenso.”

Mawu akuti “ndiye wofunika kuno” anandisowetsa mtendere sabata yonse. Ndinkayeza nsalu za makasitomala molakwitsa. Loweruka ndinalawirira, ndinapeza aphunzitsi ali okha akusuntha madesiki, ndipo ndinawauza zonse. Ndinawauza za Mkanda, za mjigo, za mtedza pakhonde. Anandimvera mpaka kumapeto akusisita ndevu zawo.

“Mwana wanga,” anatero, “nsanje si yabwino. Takhala nawe zaka ziwiri. Iwe phazi lamanja ndi lamanzere sulisiyanitsa.”

“Ndinkachita dala!”

“Chabwino, taimba.”

Ndinaimba. Panalibe ng'oma, panalibe wovomera, ndipo mawu amene ndinawatsekera zaka zonsezo anatuluka opyapyala. Komabe ndinafika kumapeto osaphonya liwu. Aphunzitsi anagwedeza mutu mokondwa.

“Wayesetsa. Wakuphunzitsa bwino msuweni wako.”

Madzulo ake ndinamupeza msuweni wanga akusoka pakhonde, ndipo ndinamupempha kuti akawauze yekha aphunzitsi. Sanasiye kupalasa makina.

“Munandilumbiritsa pa manda a agogo.”

“Ndakumasula.”

“Ndinakupatsani phewa kawiri pamaso pa anthu, asuweni. Munati ndikukupwetekani. Lero ndikakanena, ati ndikungokumverani chisoni.”

Ankanena zoona. Koma ndinaonanso china pankhope pake. Mtsikana amene ankathawa ndikamugunda anali atalawa kutsogolo, ndipo kunamukomera. Ndinamuda tsiku limenelo, chonsecho ndikanakhala iyeyo ndikanachita chimodzimodzi.

Kulimba mtima kwanga kunandipindulira chinthu chimodzi. Aphunzitsi anati aona kuti ndili ndi njala ya kutsogolo, ndipo nkhani ya mjigo ija inawapatsa nzeru. Nyimboyo inkafunika munthu wooneka ndi maso. Pamene amayi akuvina, mtsikana wa m'tauni adutse pakati pa bwalo, tsitsi kumsana, ndowa kumanja.

“Palibe angaikhoze kuposa iwe,” anatero. “Sufunikanso kuyeserera.”

Tinaonetsa sewerolo Lamlungu masana, holo itadzaza mpaka ena kuima m'makomo. Ng'oma inagunda, msuweni wanga anakweza mutu, ndipo ine ndinatulukira nditavala nsapato zazitali, ndowa yodzaza ikundikoka dzanja. Madzi anandithira m'miyendo. Anthu anaseka mpaka kugwetsa mipando, monga ndinkafunira tsiku loyamba lija. Mayi wina wa kutsogolo anaimirira n'kundiloza ndi chala akukuwa kuti, “Alipo otere! Alipo!” Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira amayi aja amene ananyamuka pamphasa nsima isanabwere. Zaka zonsezi ndinali ndisanawaganizirepo.

Inali mbali yaikulu kuposa zonse zimene ndinapatsidwapo, ndipo anthu anati ndinaikhoza. Ndinadutsa pakati pa bwalo katatu, holo yonse ikundiimbira kuti waiwala, waiwala kwawo. Ndinaluma mlomo kuti usayende, chifukwa panalibe liwu ngakhale limodzi limene ndinaliiwala.