Mufa Nonse ndi Ana Anu Omwe

Nyumba yomwe ndinkachita lendi ku Ndirande inali ya mdadada, makomo onse kuyang'ana mbali imodzi, bafa limodzi, mpopi umodzi. Kuseri kwa chipinda changa kunali kampata pakati pa khoma ndi mpanda wa malata, koti munthu wonenepa n'kudutsa cham'mbali. Pamenepo ndi pomwe ndinatsegula esiteti yanga. Ndinatola masaka a simenti, kuthiramo dothi ndi zitosi za nkhuku, n'kubzala repu, mpiru ndi tchayinizi. Zinamera mosiririka, moti ndikaweruka ku saluni komwe ndinkaluka anthu tsitsi, ndinkayamba ndakazipatsa moni ndisanavule nsapato.

Kenako kunabwera nsabwe. Osati za m'mutu ayi, koma za m'masamba, tizilombo totuwa tomwe timaunjikana kunsi kwa tsamba mpaka tsambalo kupiringizika. Mtima unandipweteka kwambiri. Mankhwala ogula sindinkawafuna, chifukwa masambawo ndinkathyola lero n'kudya lero lomwe, komanso ana a pamalopo ankaika m'kamwa chilichonse chomwe atola. Ndinaimbira foni azakhali anga a ku Machinjiri, omwe ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje.

"Sinja tsabola wa kambuzi, adyo ndi masamba a nimu," anatero. "Uviike m'madzi, zigone. Mawa usefe, usungunuliremo kasopo pang'ono kuti zimate patsamba. Uwaze dzuwa lisanatuluke, apo ayi masamba apsa. Phulusa uzungulize masakawo, nkhono sizidumpha."

Chopopera ndinalibe, ndiye ndinagula katsache katsopano. M'bandakucha ndinatuluka ndi ndowa yanga, chitenje chakuda nditamanga pamphuno poopa tsabola, koma maso anali atafiira kale ngati a munthu wogona kumowa. Ndinazunguliza phulusa kuyambira pangodya ya nyumba mpaka kumpanda, n'kuyamba kuviika katsache m'ndowa, kuwaza uku, kuwaza uko. Tsono ine pakamwa panga sipakhala chete ndikakwiya.

"Mwandidyera zanga mokwanira," ndinkatero, mawu ali pansipansi. "Mumayesa sindikuonani. Lero mufa nonse, ndi ana anu omwe."

Nditadzuka kuti ndiwongole msana, ndinaona mayi wa khomo loyandikana ndi langa, wogulitsa mandasi, ataima pangodya, chiwaya chili m'manja.

"Neba, mukuthira chiyani?"

"Mankhwala."

"Ogula?"

"Ayi, opanga ndekha. Anandiphunzitsa azakhali anga, ajatu kwawo kwenikweni ndi ku Mozambique."

"Amagwira?"

"Shuwa. Pofika mawa muona mitembo."

Ndinayankha monyada, chifuwa chili patsogolo. Mayiyo anabwerera chafutambuyo mpaka pakhomo pake, ine n'kumati akuthawa fungo la adyo.

Mankhwala anagwiradi. Nsabwe zinayoyoka, masamba atsopano anatuluka osalala, ine n'kumavina ndekha kuseri kwa nyumba. Chimwemwe chinanditseka maso, moti sindinazindikire msanga kuti ndikafika pampopi mzere ukumwazika. Ndinkangoti anthu a pano ayamba ulemu. Ana ndikawaitana kuti adzalandire switi ankathawira m'zitenje za amayi awo. Wobwereka mchere panalibenso. Ngakhale kusaluni, makasitomala a m'dera lathu anayamba kufunsa kuti tsitsi lotsala pachipeso ndimalitaya kuti.

Ndiye mwa tsoka langa, nkhuku za alandilodi zinagwidwa ndi chitopa sabata yomweyo, n'kugwa imodzi ndi imodzi.

Alandilodi anali bambo wachikulire, telala wachisilamu, wofatsa, wosakonda zolongolola. Anagogoda pakhomo panga Loweruka masana, chipewa chili m'manja.

"Mwanangu, anzanu abwera kwa ine. Akuti mwatsirika pamalo pano, ndipo munalonjeza kuti afa onse ndi ana awo omwe. Akuti musamuke, apo ayi asamuka ndi iwo. Mawa madzulo tikhale pansi."

Poyamba ndinaseka mpaka kugwira chitseko. Koma nditaona kuti bamboyo sakuseka, nanenso ndinasiya. Ku Ndirande dzina la ufiti likakumata silichoka ndi sopo. Limakutsatira pa minibasi, limakapeza nyumba yatsopano iwe usanafike. Ndinachita mantha enieni.

Lamulungu lake anthu anasonkhana pakhonde la alandilodi, ena atakhala pa zidebe, ena ataima patali poti atha kuthawa. Ine ndinafika ndi kamtondo, tsabola, adyo, nimu ndi chidutswa cha sopo. Wamandasi analongosola zonse, osasiya kanthu: phulusa, nsalu yakuda, maso ofiira, Mozambique, mitembo. Kunena zoona, ndikumumvetsera inenso ndinayamba kudziopa.

"Zonse wanenazi n'zoona," ndinatero. "Koma ndiloleni ndikuonetseni omwe ndinkawatembererawo."

Ndinatulutsa tsamba la mpiru lomwe ndinakapempha m'dimba la munthu wina kumtunda, n'kulitembenuza. Nsabwe zinali mbuu, makolo ndi ana awo omwe. Alandilodi anavala magalasi awo osokera, n'kuliyang'anitsitsa. Ine sindinadikire, ndinayamba kusinja pomwepo. Kambuzi atangophulika mumtondo, woyamba kuyetsemula anali mkulu wa mpingo wa khomo lakumapeto, yemwe anabwera ndi Baibulo kukhwapa. Kenako wamandasi, kenako khonde lonse. Anthu ankatsokomola, misozi ili chuchuchu, ndipo nditawayang'ana onse maso anali psuu.

"Taonani," ndinatero, "tonse tasanduka afiti."

Wina anaphulika kuseka kumbuyo. Nditathira zosinjazo m'ndowa ya madzi n'kusungunuliramo sopo, alandilodi anaviikamo chala n'kulawa, nkhope ili gwa.

"Uyutu ndi tsabola wa pachiwaya," anatero. "Kungoti ophikawo sanatsukuluze mbale."

Basi mlandu unathera pomwepo. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Wamandasi anandikumbatira, akuti, "Inunso neba, munthu amalankhula ndi ndiwo?" Azimayi anathamangira m'nyumba kukatenga mabotolo, wina wa maluwa ake, wina wa tomato wa kwa apongozi. Ndinagawa mpaka ndowa kuuma, ndipo ndinabwerera kuchipinda changa mapazi osagunda pansi.

M'mawa mwake ndinapita kuseri kukapereka moni monga mwa masiku onse. Ndinapeza mitengo yokhayokha. Repu yense anali atathyoledwa, mpiru chimodzimodzi, mwaluso ndithu, kusiya timasamba ta pamsonga kuti tiphukenso. Wakubayo anachita kuponda phulusa langa lija mopanda mantha, chidindo cha patapata chili poonekera.

Ndinakhala pansi pa saka n'kuyamba kuseka. Masiku onse omwe ndinali mfiti, palibe anakhudzapo ngakhale tsamba limodzi. Ndangoyera dzulo, lero andibera.

Wamandasi anamva phokoso n'kubwera. Anagwira pakamwa. "Iii, pepani neba. Anthu a pano alibe chisoni."

Masana ake anagogoda pakhomo panga, mbale yovundikira ili m'manja. Anati wandipatsako ndiwo poti zanga zapita. Nditavundukula, munali repu wotendera, wodula bwino, akufuka nthunzi. Masamba ake ndinawadziwa monga mayi adziwira mwana wake pagulu. Ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana kudenga.

"Lowani, neba," ndinatero. "Tidyere limodzi."

Analowa, n'kukhala pamphasa panga, n'kusamba m'manja m'beseni langa. Tinadya mpaka kunyambita mbale.