Batani la Mayi Nampinga

Mayi Ellina Nampinga anayamba ntchito yotayipa pa sekondale ina ya ku Mbulumbuzi mu 1995, nthawi ya taipi ya riboni. Anali munthu wosachulutsa gaga m'diwa, woyenda wapansi kuchokera kwawo tsiku ndi tsiku, ndipo mayeso onse a pasukulupo ankadutsa m'zala zawo.

Mu 2006 kunafika makompyuta anayi, mphatso yochokera kunja. Amene anadzawalumikiza anali a Francisko, okonza makina a ku Limbe. Kompyuta ya mu ofesi ikamayaka, pagalasi lakuda pankathamanga mizere ya zilembo zoyera, uliwonse n'kuthera ndi kachizindikiro kobiriwira. Aphunzitsi ankaionera patali.

"Zikulembekazi n'chiyani? Sitinaononge?" ankafunsa a Shamsa, ophunzitsa masamu, manja ali kumbuyo.

Mayi Nampinga nawonso sankamva tanthauzo lake, koma m'mawa uliwonse ankaiyang'anitsitsa mizereyo mpaka anaizolowera ngati nkhope za anansi. Tsiku lina, mayeso atayandikira, anaona mzere umodzi utafiira. Kompyuta inayaka ndithu, koma mtima wawo sunakhazikike. Anakopera mzerewo papepala n'kukawerengera a Francisko pa foni, chilembo chimodzichimodzi.

"Mayi, sindikizani zonse lero lomwe," anatero a Francisko. "Chosungira zinthu m'katimo chikufa."

Anasindikiza mpaka masana. Patapita masiku atatu kompyutayo inakana kuyaka, mapepala a mayeso ali kale m'kabati ya ahedi.

A Francisko atabwera kudzakonza, anaikamo pulogalamu yatsopano. Tsopano ikamayaka pankaoneka chithunzi chokongola ndi kamzere kodzaza pang'onopang'ono. A Shamsa anaomba m'manja, ndipo nthawi yomweyo anakhala pampando n'kutayipa okha koyamba. Koma Mayi Nampinga nkhope inagwa.

"Bambo, mwandimanga nsalu kumaso. Ikadzadwalanso ndidzadziwa bwanji?"

"Ndiye ndichotse chithunzicho?"

Mayiwo anacheukira a Shamsa, amene ankasakasaka chilembo ndi chala chimodzi, lilime lili kunja. Zaka zonsezi anali asanaonepo mphunzitsi akudzitayipira yekha.

"Ayi, chisiyeni," anatero. "Anzangawa angathawenso."

A Francisko anaseka, n'kuwalozera batani lina pa mabatani otayipira aja, la pakona yakumanzere, pamwamba. Akalidina, chithunzi chinkachoka ndipo mizere inkabwerera.

Zinakhala choncho. Aphunzitsi ankayatsa n'kumadikira chithunzi chawo, pomwe Mayi Nampinga akafika ankapukuta fumbi, kuyatsa, n'kudina batani lawo. Ntchito itawapepukira, anayamba kuphunzitsa atsikana a Folomu 4 kutayipa Lachitatu masana. Anapuma ntchito mu 2009 n'kubwerera kumunda wawo wa chimanga ndi nandolo, ndipo awiri mwa atsikanawo analembedwa ntchito m'maofesi ku boma.