Vaneti ya Aphunzitsi Yomwa Parafini

Bulaki, ng'ombe yanga yokoka ngolo, anaima pakati pa mtsinje n'kukana kuyenda. Madzi anali a m'mawondo basi, ndipo pamenepo anali atawolokapo kambirimbiri. Mnzake Kapiteni ankakoka yekha, goli n'kupendekeka. Sindinamenye. Ndinatsika pangolo, n'kulowa m'madzi ndi nsapato zanga za kutchalitchi, n'kumugwira nyanga.

"Tiye," ndinatero. Anayenda.

Dzuwa linali likungotuluka. Mkazi wanga, amake Esinati, anali atandiperekeza mpaka pakhola. Sanatsutse, sanavomere. Anangondipatsa mbatata ziwiri zootcha n'kunena kuti, "Mukabwera nacho chitsulocho, manyowa a kudimba muzikawola kumbuyo kwake."

Nkhani yake inali iyi. Malole amene ankabwera kudzatenga chimanga kwathu ku Kasenengwa anasiya kubwera boma litasintha. M'malo mwake kunabwera anthu oyenda ndi masikelo awo, ogula pamtengo umene afuna okha. Zaka ziwiri ndinayesa kupita nacho ndekha ku Chipata pangolo. Matumba asanu ndi limodzi, kugona panjira popita, kugona panjira pobwera. Msana unatopa. Ndiye alamu anga a Tembo, alongo ake a mkazi wanga, anabwera ndi mawu. Ku Chipata kunali mphunzitsi wopuma pantchito, a Sakala, amene anali ndi vaneti. Ndalama sankafuna. Ankafuna ng'ombe ziwiri zolima ndi ngolo yake, chifukwa ankabwerera kumudzi. Vanetiyo akuti inkamwa ziwiri: petulo pang'ono podzuka, kenako parafini, wotchipa uja wa m'nyali.

Ine kuyendetsa sindidziwa. Alamu ankayendetsa lole ya kampani ina asanawachotse ntchito. Mutha kuona nokha chimene chinkawatenthetsa mtima.

Kwa alamu, kufupi ndi Madzimoyo, ndinafika cha m'ma 9 koloko. Ndinamasula ng'ombe, n'kuzimangirira pansi pa mango. Tinapangana kuti tikatenge vanetiyo ndi mwini wake, tibwere nayo, aone ng'ombe, tisinthane pomwepo. Alamu anali atavala kale kapusi yawo ya kukampani.

"Lero mugona ngati bwana, alamu," anatero.

"Tiyeni," ndinatero.

Tinadula njira ya m'dambo mpaka kumsewu wa tala. Minibasi yoyamba inadutsa yodzaza, ina inaima yodzazanso. Kondakitala anati, "Malo alipo, mudala. Pini imodzi." Pini ndiye makwacha chikwi. Ndinalipira ziwiri, yanga ndi ya alamu, popeza chikwama chawo akuti chinatsala m'buluku lina. Malowo anali theka la thabwa, bondo langa lili m'dengu la tomato la mayi wina. Potsetsereka paliponse dalaivala ankazimitsa injini kuti asunge mafuta, ife n'kumatsika chete ngati tikuzemba.

Alamu sakhala chete. Anauza minibasi yonse kumene tinkapita. Bambo wina wa chipewa cha udzu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zanga zonyowa.

"Ya parafini? Mukukagula galimoto kapena nyali?"

Anthu anaseka. Mayi wa tomato sanaseke. Anati, "Ng'ombe zili ndi mayina?"

"Zili nawo."

"Hmm," anatero, n'kuyang'ana pawindo.

Mu Chipata tinalowa 11 koloko itadutsa. Fumbi, njinga, mawailesi a m'masitolo. Pamsika tinamwa tiyi wa mkaka ndi zitumbuwa ziwiriziwiri, makwacha mazana atatu aliyense. Ndinalipiranso ine. Mbatata za mkazi wanga ndinazisunga. Kuchoka apo tinayenda wapansi kukwera chakuphiri, kumene kuli nyumba za malata zokhala ndi mipanda ya maluwa.

A Sakala anatilandira atavala tayi, tsiku la Lachinayi, pakhomo pawo pomwe. Akazi awo anatipatsa thobwa m'makapu a galasi. Tisanaone galimoto anayamba apemphera. Kenako anachotsa lona.

Ndinene zoona, ndinaikonda. Kale inali yoyera. Chitseko cha kumanzere chinali chomanga ndi waya. Koma matayala anali ndi mano, ndipo kumbuyo ndinayeza ndi mapazi: matumba khumi akanalowa. Kawiri patsiku, mwina katatu. Ntchito ya mwezi wathunthu pangolo inkaoneka yotha m'masiku atatu, ine nditakhala pampando.

Aphunzitsi anatsekula boneti n'kutola kamtengo kolozera. Thanki yaikulu inali ya parafini. Petulo ankakhala m'kachigubu komangirira kuseri kwa mpando. Paipi ya kopa anaizunguliza pachitsulo chotulutsa utsi kuti parafini azifika atatentha. Pansi pa chiwongolero panali kampopi kotembenuza. Zonsezi anawapangira makanika wina wa ku Katete, amene anali atamwalira.

"Parafini sayaka m'injini yozizira, bambo Phiri," anatero. "Ndiye lamulo ndi limodzi. Musanazimitse, bwezerani kampopi ku petulo, mudikire mphindi zisanu. Mwamva? Mphindi zingati?"

"Zisanu," anayankha alamu ngati mwana wa giredi wani.

Lamulolo analilembanso pakhadi, malemba okongola, n'kulimata pafupi ndi kiyi.

Tinanyamuka 1 koloko, alamu pachiwongolero, aphunzitsi pakati, ine kuchitseko cha waya. Pomwetsera mafuta tinagula malita awiri a petulo ndi khumi a parafini. Wothira mafuta anafunsa ngati tikufunanso chingwe cha nyali.

Titatuluka m'tauni aphunzitsi anagwira boneti ya mkati ndi chikhatho, akuti kumva kutentha, n'kutembenuza kampopi. Injini inatsokomola kawiri. Kenako inayamba kugogoda ngati munthu akukhoma misomali patali. Fungo linadzaza mkati, lija la m'nyumba nyali ikangozimitsidwa. Pachitunda choyamba tinayenda limodzi ndi munthu wa njinga ya makala kwa kanthawi ndithu, mpaka anatipatsa moni. Koma pamalo osalala inathamanga. Mitengo imene ndinkagona pansi pake ndi ngolo inkadutsa ngati ikundithawa. Mphepo inkalowa pachitseko. Msana unali chete. Apo ndinali nditavomera mumtima, ngakhale sindinauze munthu.

Pa Madzimoyo tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi. Galimoto siingadule m'dambo, imazungulira kumudzi wina. Tisanafike m'mudzimo tinaona nthambi zamasamba zitagonekedwa mumsewu. Maliro. Alamu anachepetsa liwiro.

"Ndi a Mbewe aja," anatero. "Ndimayesa aika mawa."

Pokhota tinakumana nawo maso ndi maso. Bokosi patsogolo pamapewa a amuna, mtanda, amayi a nsalu zofanana akuimba, anthu odzaza msewu wonse. Alamu anapatukira m'mbali, anavula kapusi, n'kuzimitsa injini.

Aphunzitsi anatsekula pakamwa. Anayang'ana khadi lawo, n'kuyang'ana bokosi limene linali likudutsa pafupi ndi boneti. Anatseka pakamwa, n'kuvula chipewa.

Munthu sukhala m'galimoto maliro akudutsa, ndipo sudzuka n'kupitiriza ulendo ngati wadutsa ndi mbuzi. Alamu ankadziwika pamenepo. Tinatsika n'kutsatira kumanda. Akatekisiti analalikira, achibale analankhula, a kumpingo analankhula, wina amene sanaitanidwe analankhulanso. Ndinagwirako fosholo pokwirira. Aphunzitsi ankangoyang'ana wotchi mobisa. Pobwerera kugalimoto inali 4 koloko, ndipo boneti inali itazizira ngati mwala wa kumtsinje.

Alamu anabweza kampopi ku petulo n'kupotokola kiyi. Injini inalira kuti nye-nye-nye, osadzuka. Anayesanso. Anayesa kachitatu.

"Basi! Mupha batire!" anakuwa aphunzitsi. "Ndinalemba pakhadi! Mphindi zisanu!"

"Mumafuna ndifukize maliro a eni ndi utsi wanu? Mphindi zisanu bokosi lili pamphuno panga?"

"Lamulo ndi lamulo, a Tembo."

"Mukanauza a Mbewe adikire kufa."

Ine sindinalowererepo. Onse awiri ankanena zoona.

Aphunzitsi anavula jekete, tayi anasiya. Anamasula kabawuti pansi pa kabuleta kuti parafini wotsalamo atuluke. Anachotsa mapulagi, akuda ngati kunsi kwa mphika, n'kuwapala ndi mpeni wanga. Anabwezera. Alamu anapotokola kiyi. Inalira kamodzi mofooka, kenako kuti kwe, basi. Batire linali litatha.

Amuna ochokera kumanda anatithandiza kukankha. Pamenepo ndi pamchenga. Tinakankha anthu asanu ndi atatu, matayala akungomira, alamu akukuwa kuti tithamange. Ndani angathamange pamchenga atangokwirira munthu? Tinasiya. Mkulu wina wopanda mano apatsogolo anakhala pansi pafupi nane akupuma mwabefu.

"Akuti mukugula ndinu?"

"Akutero."

"Zikomo. Tizidzabwera ndi odwala athu. A Mbewe awa tinawanyamula panjinga, anatisiya tisanafike kutala." Anayang'ana vanetiyo nthawi yaitali. "Imadzuka ikafuna?"

Ndinadya mbatata imodzi, ina ndinampatsa. Kenako ndinanyamuka wapansi kupita kwa alamu, mtunda wa theka la ola.

Ng'ombe zinali zitagona, zikubzikula. Zitandiona zinadzuka zokha. Ndinaziika goli, ndinatenga tcheni cha pulawo ya alamu, n'kubwerera nazo.

Tinamanga tcheni kutsogolo kwa vaneti. Alamu anakhala pachiwongolero, kapusi ili kumutu. Aphunzitsi anafuna kukhala mkati. Ndinawayang'ana, anatsika. Ndinaimba mluzu. Kapiteni anaponda, Bulaki anagwada ndi bondo limodzi, n'kudzuka, tcheni chinalira, matayala anatuluka mumchenga. Anthu a pamaliro sanaseke. Tsiku lina akanaseka.

Tinayenda pang'onopang'ono. Pachitunda cha pafupi ndi chigayo ndinazipumitsa kawiri. Goli linasupula khosi la Bulaki, magazi akuoneka, ntchentche zikutsatira. Sanaime. Pamtsinje m'mawa anaima popanda chifukwa, apa pali chifukwa sanaime.

Pabwalo la alamu tinafika dzuwa litapendeka kwambiri. Ndinamasula tcheni. Nsapato zanga za kutchalitchi zinali zitang'ambika chakuchala.

Aphunzitsi anavalanso jekete. "Mwaona nokha, bambo Phiri," anatero. "Galimoto ilibe mlandu. Wolakwa ndi woyendetsa. Batire likatchajidwa mawa, idzuka kamodzi n'kamodzi."

Ndikhulupirira kuti sankanama. Anali munthu woona. Akanakhala wabodza zikanandiphwekera.

Kenako anapita kukaona ng'ombe. Anazungulira Kapiteni, n'kumusisita pamsana. "Uyu ndiye ng'ombe," anatero. Anafika pa Bulaki, anayang'ana bala la pakhosi, n'kuuza alamu kuti amutsekule pakamwa. Anawerenga mano ngati akuchonga mayeso.

"Uyu wakalamba. Koma musadandaule, sindibweza mawu. Ndimutenga ndithu. Wa butchala wina ku Chipata ndi mwana wanga wa sukulu, adzandipatsa ndalama yogulira wamng'ono."

Anatulutsa kiyi m'thumba n'kutambasula dzanja.

"Landirani, alamu," anatero a Tembo. "Ndalumbira, sindidzazimitsanso. Ngakhale adutse maliro a ndani."

Mawu amenewo ndi amene anandimaliza. Kwathu munthu suuzidwa kuti uima liti. Umaima chifukwa cha maliro, chifukwa cha mlatho wokokoloka, chifukwa mkulu wakuimika kuti akupatse moni. Galimoto yofuna kuchenjezedwa mphindi zisanu ndi ya anthu a mawotchi. Ndinadziwanso zimene ndinkasankha: masikelo a eni, matumba asanu ndi limodzi, kugona pansi pa mitengo, msana womwewo. Sindinasangalale. Ndinangotopa.

Kiyi anali akulendewerabe m'dzanja la aphunzitsi. Ndinang'amba chidutswa cha thumba la saka, n'kuchipinda, n'kuchiika pakhosi pa Bulaki pansi pa goli. Ndinakoleka ngolo.

"Alamu? Mukupita kuti? Alamu!"

"Bambo Phiri, tikambirane ngati anthu akuluakulu."

Pangolo sindinakwere. Ndinagwira Bulaki nyanga, tinatuluka pachipata.